Kupeza ndalama za khomo la pakati m'county ya kumudzi ku America, ndi kudziwa kuti nambalayo ingaphonye motani

Kumwera kwenikweni kwa West Virginia, pakati pa mapiri, kuli county ya McDowell, likulu lake ndi tauni ya Welch. Mu 1950, migodi ya malasha ili pachimake, munali anthu 98,887. Pa kalembera wa 2020 anapezamo anthu 19,111 okha. County ku America ndi dera la ulamuliro lomwe lili pansi pa state, chimodzimodzi mmene boma limakhalira m'chigawo, ndipo alipo opitirira 3,100, ambiri a iwo a kumidzi ndi a anthu ochepa.

Aliyense wofuna kupempha ndalama zokokera madzi, zomangira chipatala chaching'ono kapena zothandizira sukulu m'dera ngati limeneli amakumana ndi funso limodzi pa fomu: khomo la pakati limapeza ndalama zingati pa chaka? Nthambi ya USDA Rural Development, ya unduna wa zamalimidwe ku America, mwachitsanzo, imayang'ana nambala imeneyi poona chiwongoladzanja ndi kukula kwa thandizo pa ntchito za madzi. Nambalayo kuipeza n'kosavuta, mphindi zisanu pa intaneti zakwana. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti anthu ambiri amaikopera yokha, n'kusiya inzake yomwe ili pambali pake, yonena kuti nambala yoyambayo ingaphonye ndi madola angati. M'county yaikulu kusiya nambala yachiwiriyi sikupweteka kwambiri. M'county ya makomo zikwi zochepa, ndiyo imene imakuuzani ngati mungatsamire pa yoyambayo kapena ayi.

Yambani mwamvetsa chimene mukuyeza

Akatswiri a ziwerengero amaitcha median. Ndandalikani makomo onse pa mzere, kuyambira lopeza zochepa mpaka lopeza zambiri, n'kupita kwa limene laima pakati penipeni. Zimene khomo limenelo limapeza ndiye median: theka la makomo lili pansi pake, theka lina pamwamba. Si avereji. Tiyerekeze makomo asanu opeza madola 18,000, 22,000, 31,000, 40,000 ndi 400,000. Avereji yawo ndi 102,200, ndalama zimene makomo anayi mwa asanuwo sanazionepo. Median ndi 31,000. M'dera laling'ono mwini mgodi mmodzi kapena mlimi mmodzi wa minda ikuluikulu amatha kukokera avereji kumwamba, koma median saisuntha kwenikweni.

Ndikunena khomo, osati banja, mwadala. Census Bureau, ofesi ya boma la America yoona za kalembera ndi ziwerengero, imasiyanitsa ziwirizi. Khomo ndi anthu onse okhala m'nyumba imodzi, kaya ndi achibale kaya ayi, ngakhale munthu wokhala yekha. Banja ndi anthu awiri kapena kuposerapo okhala pamodzi omwe ndi apachibale mwa kubadwa, ukwati kapena kulera. M'madera momwe achinyamata anasamuka n'kusiya okalamba okhaokha, makomo a munthu mmodzi amachuluka, choncho median ya makomo imakhala yotsika kuposa ya mabanja. Onani bwino kuti fomu yanu ikufuna iti.

Anthu okhala m'ndende, m'nyumba zosungira okalamba ndi m'mahostelo a ophunzira sawerengedwa m'makomo. Ku McDowell kuli ndende ya boma lalikulu, FCI McDowell. Akaidi ake amawerengedwa pa chiwerengero cha anthu a county, koma pa median ya makomo mulibe.

Ndalama zomwe zimawerengedwa ndi zandalama zenizeni, msonkho usanadulidwe, za aliyense wa zaka 15 kupita m'tsogolo: malipiro, phindu la bizinesi kapena munda, penshoni, Social Security (ndalama za boma za opuma pa ntchito ndi olumala), lendi, chiwongoladzanja. Thandizo la chakudya la SNAP, la chipatala la Medicaid ndi la nyumba sililowamo. Izi n'zofunika kuzidziwa makamaka ku McDowell, chifukwa ndi komwe masitampa oyamba a chakudya a ndondomeko yoyeserera ya mu 1961 anaperekedwa, ndipo thandizo lotere ndi gawo lalikulu la moyo wa makomo ambiri m'madera osauka. Ku Malawi National Statistical Office ya ku Zomba imayeza umphawi poona zimene khomo limadya ndi kugwiritsa ntchito, chifukwa chimanga cha m'nkhokwe sichidutsa m'thumba. Ku America nambala imene tikukambayi ndi ya ndalama zolowa basi. Musasakanize miyeso iwiriyi.

Sankhani gwero

Mpaka chaka cha 2000 funso la ndalama linkafunsidwa pa fomu yaitali ya kalembera, yomwe inkafika pa khomo limodzi mwa asanu ndi limodzi aliwonse. Kuyambira 2005 ntchitoyi ili m'manja mwa American Community Survey, mwachidule ACS, kafukufuku yemwe amachitika mwezi ndi mwezi ndipo amasankha maadiresi pafupifupi 3.5 miliyoni pa chaka m'dziko lonse. Nambalayi ikumveka yaikulu, koma ikagawidwa m'ma county onse, dera ngati McDowell limangolandira makomo mazana ochepa.

N'chifukwa chake ACS imatulutsa zotsatira za chaka chimodzi kwa madera okhawo a anthu 65,000 kupita m'mwamba. County yochepera apo imadalira makamaka zotsatira za zaka zisanu zophatikizidwa, monga 2018-2022. Zoyamba za mtunduwu zinatuluka mu December 2010.

Gwero lachiwiri ndi SAIPE, ndondomeko ina ya Census Bureau yomweyo imene imatulutsa nambala ya chaka chimodzi ya county iliyonse. Ndiikamba bwino kumapeto. Pakadali pano dziwani izi: ngati wopereka ndalama watchula gwero limene akufuna, tsatirani limenelo, ndipo lembani dzina lake ndi zaka zake pambali pa nambala.

Tsitsani nambala ziwiri, osati imodzi

Pitani pa data.census.gov. M'bokosi lofufuzira lembani B19013, ndilo tebulo la median ya ndalama za khomo. Sankhani dera: County, kenako West Virginia, kenako McDowell. Chenjerani, ku North Carolina kulinso McDowell County, ndipo mayina ambiri a ma county amabwerezabwereza m'ma state osiyanasiyana. Chotetezeka n'kugwiritsa ntchito nambala ya FIPS, yomwe county iliyonse ili ndi yakeyake: ya McDowell ya ku West Virginia ndi 54047. Onetsetsani kuti pamwamba palembedwa 5-Year Estimates, ndipo batani la Margin of Error layatsidwa.

Muona mizati iwiri, Estimate, ndiyo median ija, ndi Margin of Error, ndiyo nambala yonena kuti ingaphonye ndi madola angati. Koperani yonse. Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya ziwerengero ya R, phukusi la tidycensus la Kyle Walker limabweretsa zonse ziwiri nthawi imodzi mukapempha B19013_001. Otsitsa kudzera pa API, njira imene pulogalamu ya kompyuta imatengera nambalazi mwachindunji, asamale ndi nambala yachilendo -666666666. Si ndalama ayi, ndi chizindikiro choti makomo ofunsidwa anali ochepa kwambiri moti median sinawerengeke. Ikalowa mu Excel osaoneka, imawononga chilichonse chimene mungawerengere pa mzatiwo.

Musanatseke tsambalo tsitsaninso matebulo ena awiri. B19001 limagawa makomo m'magulu 16 a ndalama, kuyambira ochepera madola 10,000 mpaka a 200,000 kupita m'mwamba. B98001 limakuuzani maadiresi angati anasankhidwa ndi makomo angati anayankhadi. Ineyo ndimayamba ndi lomalizali nthawi zonse, chifukwa munthu ukaona ndi maso kuti nambala ya county yonse yaima pa makomo mazana ochepa, umayamba kuigwira mosamala.

Werengani margin of error moyenera

Margin of error ya ACS ndi ya 90 peresenti. Tanthauzo lake ndi ili: kafukufukuyu atabwerezedwa kambirimbiri, nthawi iliyonse ndi makomo ena osankhidwa mwa njira yomweyo, malire opangidwa motere akanagwira median yeniyeni maulendo 9 mwa 10. Malirewo mumawapeza pochotsa margin pa nambala yanu, kenako kuiphatikiza.

Pali nambala ina yomwe imabisala mkati mwa margin, standard error, ndipo ndiyo timagwirira ntchito. Gawani margin ndi 1.645, mwaipeza. Mukafuna malire a 95 peresenti, omwe mabuku ambiri a zaumoyo ndi zamaphunziro amakonda, chulukitsani standard error ndi 1.96. Ambiri amalakwa apa: amatenga margin ya ACS n'kulemba kuti ndi ya 95 peresenti, motero amaonetsa nambala yawo ngati yolimba kuposa mmene ilili.

Kenako gawani standard error ndi median n'kuchulukitsa ndi 100. Chotulukacho amachitcha CV, ndipo chimakuuzani kukula kwa kuphonya poyerekeza ndi nambala yeniyeniyo. Palibe lamulo limodzi la malire ake. Ine ndikaona CV yochepera 10 ndimagwiritsa ntchito nambalayo momasuka, ikafika cha m'ma 15 ndimaikapo chenjezo, ikapitirira 30 ndimafuna njira ina.

Iwerengereni nokha kamodzi

Apa ndikhalitsa, chifukwa munthu amene wawerengapo median ndi kuphonya kwake ndi pensulo saiwalanso chimene nambalazi zimatanthauza. Luso limeneli mudzalifunanso tsiku limene mudzayenera kuphatikiza ma county awiri kapena atatu. Ma median saphatikizika. Simungatenge median ya county ino ndi ya county iyo n'kupeza avereji yake. Muyenera kuphatikiza makomo a gulu lililonse la B19001, n'kufunafuna pakati mwatsopano.

Nambala zotsatirazi ndi zophunzirira chabe, si za county ina iliyonse yeniyeni. Tiyerekeze county ya makomo 8,000, ogawika motere:

Ochepera 10,000: makomo 960
10,000 mpaka 14,999: makomo 720, onse pamodzi 1,680
15,000 mpaka 19,999: makomo 640, onse pamodzi 2,320
20,000 mpaka 24,999: makomo 600, onse pamodzi 2,920
25,000 mpaka 29,999: makomo 560, onse pamodzi 3,480
30,000 mpaka 34,999: makomo 480, onse pamodzi 3,960
35,000 mpaka 39,999: makomo 440, onse pamodzi 4,400
40,000 mpaka 44,999: makomo 400, onse pamodzi 4,800
45,000 kupita m'mwamba: makomo 3,200

Theka la 8,000 ndi 4,000. Tsikani ndi mzati wa "onse pamodzi" mpaka mudutse 4,000. Pofika kumapeto kwa gulu la 30,000 tili pa 3,960, kwatsala makomo 40. Ndiye kuti khomo la pakati lili m'gulu la 35,000, lomwe lili ndi makomo 440 ndipo m'lifupi mwake ndi madola 5,000. Timaganiza kuti makomo 440 amenewo amwazikana mofanana m'gulumo. Gawani 40 ndi 440, chulukitsani ndi 5,000, mupeza 455. Onjezerani pa 35,000. Median yathu ndi 35,455.

Mukachita izi ndi tebulo lenileni, yankho lanu lidzasiyana pang'ono ndi la B19013. Musadandaule. A Census Bureau amawerengera ndi timagulu tating'ono kwambiri kuposa 16 amene amatisindikizira. Kusiyana kwa madola mazana ochepa n'koyembekezeka. Kukafika zikwi zingapo, bwererani mukaone pomwe mwalakwitsa.

Tsopano kuphonya. Njira yake inafotokozedwa ndi Ralph Woodruff mu 1952, ndipo nzeru yake ndi yokoma. M'malo mofunsa kuti median ingaphonye ndi madola angati, yambani mwafunsa kuti malo a pakatiwo angasunthe motani pa mzere. Khomo lomwe kafukufuku walipeza pa 50 peresenti mwina pa mzere weniweni lili pa 47, mwina pa 53. Mukadziwa kusuntha kumeneko, mumangopita pa tebulo n'kuona madola a malo awiriwo.

Tinene kuti makomo omwe anayankha m'zaka zisanuzo ndi 600. Square root ya 600 ndi 24.5. Gawani 50 ndi 24.5, mupeza 2.04. Akanakhala kuti makomo onse anasankhidwa ngati maere a m'chipewa, tikanaimira pomwepa. Koma ACS siyenda choncho. Makomo omwe sanayankhe pa intaneti kapena pa positi, ena okha mwa iwo ndi amene amasankhidwa kuti wofunsa akawayendere, ndiye khomo loyenderedwalo limaimira makomo ambiri kuposa lomwe linayankha lokha. Kusafanana kumeneku kumakulitsa kuphonya. Amakukonza pochulukitsa ndi nambala yotchedwa design factor, yomwe Census Bureau imasindikiza pa nkhani iliyonse. M'chitsanzo chathu titenge 1.5, zomwe zitipatsa pafupifupi 3.

Choncho tifufuza malo a 47 ndi 53 peresenti. Pa makomo 8,000, 47 peresenti ndi khomo la 3,760. Lili m'gulu la 30,000, makomo 280 kuchokera poyambira gululo, mwa makomo 480. Gawani 280 ndi 480, chulukitsani ndi 5,000, onjezerani pa 30,000: 32,917. Ndipo 53 peresenti ndi khomo la 4,240, lomwe lili m'gulu la 35,000, makomo 280 mwa 440: 38,182. Kusiyana kwa nambala ziwirizi ndi 5,265. Theka lake, 2,633, ndiye standard error ya median yathu. Chulukitsani ndi 1.645, margin ya 90 peresenti ndi pafupifupi 4,330.

Taonani chimene tapeza. Nambala yooneka yolongosoka mpaka dola yomaliza, 35,455, kwenikweni ikunena kuti khomo la pakati lili penapake pakati pa 31,100 ndi 39,800. CV yake ndi 7.4, yabwino ndithu, komabe mpata wa madola oposa 8,000 si waung'ono kwa khomo lopeza 35,000. Ngati malire a wopereka thandizo ali pa 36,000, county imeneyi yalowa, koma kafukufuku yemweyo atagwera makomo ena ikanatha kutsala kunja.

Onaninso chinthu china chimene njirayi imaphunzitsa. Kuphonya sikudalira kuchuluka kwa ofunsidwa kokha. Kumadaliranso kuti pafupi ndi pakati pali makomo othithikana kapena apatalipatali. M'county momwe anthu agawikana pawiri, okalamba a penshoni yochepa mbali ino, ogwira ntchito ku mgodi kapena ku ndende mbali iyo, pakati pamakhala pochepa anthu, ndipo kusuntha pang'ono pa mzere kumalumphitsa median ndi madola ambiri. Ndipo kuti muchepetse kuphonya ndi theka simufunsa makomo owirikiza kawiri, koma kanayi: 2,400 m'malo mwa 600.

Margin ya pa B19013 ikakhalapo, gwiritsani ntchito imeneyo, osati yanu. A Census Bureau amawerengera kuchokera pa mayankho enieni, pobwereza kuwerengako maulendo 80 ndi ma weight (nambala zonena kuti khomo lililonse lofunsidwa likuimira makomo angati) osinthidwa pang'onopang'ono n'kuona mmene yankho likugwedezekera. Njira ya pensulo ndi ya pomwe mwapanga dera lanulanu lomwe iwo sanalisindikize.

Musanalembe kuti ndalama zakwera

Ndinalembapo lipoti la kagulu kena kothandiza anthu, momwe ndinanena mokondwa kuti ndalama za makomo m'dera lawo zakwera, nditayerekeza zotsatira za zaka zisanu ndi zomwe zinatuluka chaka chotsatira. Amene analiwerenga asanalitumize anandionetsa kuti zaka zinayi mwa zisanuzo zinali zomwezomwezo mbali zonse ziwiri, komanso sindinakonze za kukwera mitengo kwa zinthu. Zinandipweteka, chifukwa anthu aja akanauza anzawo nkhani yabwino yomwe panalibe umboni wake.

Pali zinthu zitatu zoti muchite. Yerekezani nyengo zosalowerana, monga 2013-2017 ndi 2018-2022. Ikani madola onse m'chaka chimodzi: zotsatira za zaka zisanu zimakhala m'madola a chaka chomaliza, ndiye za 2013-2017 zili m'madola a 2017 ndipo muyenera kuzikweza kufika a 2022 ndi muyeso wa mitengo wa Bureau of Labor Statistics wotchedwa R-CPI-U-RS, osaiwala kuchulukitsanso margin ndi nambala yomweyo. Kenako yesani ngati kusiyanako kukuposa kuphonya.

Kuyesako kumayenda motere. Tinene kuti nyengo yakale, itakonzedwa, ikupereka 33,000 ndi margin ya 3,900, kutanthauza standard error ya 2,371. Yatsopano ndi 35,455 ndi standard error ya 2,633. Kusiyana kwake ndi 2,455. Chulukitsani standard error iliyonse ndi iyo yomwe, phatikizani ziwirizo, tengani square root: 3,543. Gawani 2,455 ndi 3,543, mupeza 0.69. Kuti munene kuti pali kusintha pa mulingo wa 90 peresenti, nambala imeneyi iyenera kuposa 1.645. Sinafike n'komwe pa theka. Chimene mungalembe moona ndi chakuti kafukufukuyu sakuonetsa kusintha kotsimikizika. Sizikutanthauza kuti palibe chomwe chasintha. Kafukufukuyo ndi wamng'ono moti sangathe kuona kusintha kwa msinkhu umenewo.

Muyeso womwewu ndi umene mungagwiritse ntchito poyerekeza ma county awiri. Mindandanda ya "ma county osaukitsitsa" yomwe imayendayenda m'manyuzi imaika lina pa nambala 1, lina pa nambala 5, pomwe malire a onsewo ndi olowerana. Kwa anthu okhala kumeneko dzina loti osaukitsitsa m'dziko lonse limalemera, ndipo nthawi zambiri nambala sizingathe kuloza kuti ndi county iti.

Kumbukiraninso kuti 2018-2022 si nambala ya 2022, si ya 2020 yapakatiyo ayi. Ndi ya nyengo yonse. Popeza munthu aliyense amafunsidwa za miyezi 12 yapitayo, wofunsidwa mu January 2018 ankanena za ndalama za 2017. Mgodi ukatsekedwa chaka chatha, nambala imeneyi imangoonetsa kachigawo kochepa ka vutolo, ndipo padzapita zaka lisanaoneke lonse.

County ikachepetsetsa

Issaquena County ya ku Mississippi inali ndi anthu 1,338 mu 2020, ena mwa iwo akaidi. Loving County ya ku Texas inali ndi 64. M'malo otere ngakhale zaka zisanu zophatikiza sizikwanira, ndipo margin imatha kukula mpaka nambalayo kusowa ntchito. Apa ndi pomwe SAIPE imathandiza.

SAIPE imatenga zimene ACS yapeza m'county n'kuziphatikiza ndi zimene zolembedwa za boma zikulosera: mafomu a msonkho a ku IRS, ofesi yotolera misonkho, ziwerengero za ndalama za Bureau of Economic Analysis ndi zina. Maziko ake ndi njira imene Robert Fay ndi Roger Herriot anasindikiza mu 1979. Pomwe ofunsidwa ndi ambiri, yankho limatsamira pa kafukufuku. Pomwe ndi ochepa, limatsamira pa zimene zimaoneka m'ma county ena ofanana nayo. Kunena kwake n'kubwereka mphamvu kwa anansi. Nambala za umphawi wa ana za SAIPE ndi zimene boma limagawira ndalama za Title I zothandizira sukulu za ana osauka, choncho si zoseweretsa.

Ubwino wake ndi wakuti mumapeza nambala ya chaka chimodzi, yokhala ndi malire ake a 90 peresenti. Mtengo wake ndi wakuti county yomwe ndi yosiyanadi ndi zinzake imakokeredwa ku zimene zinzakezo zikuonetsa. Ine ndimaika nambala ya ACS ndi ya SAIPE pambali ndi pambali. Malire awo akalowerana, mtima umakhala pansi. Akatalikirana, ndimafunsa anthu a m'deralo chimene chachitika posachedwapa, fakitale yatsekedwa kodi, kapena kwabwera anthu atsopano. Musatenge avereji ya ziwirizi, ndipo musasankhe yomwe ikukomera pempho lanu n'kubisa inayo.

Njira ina ndi kuphatikiza county yanu ndi oyandikana nayo pogwiritsa ntchito B19001 monga tachitira muja. Mayankho a khomo ndi khomo a PUMS sangakuthandizeni pano, chifukwa amangoonetsa madera a anthu 100,000 kupita m'mwamba.

Magulu ena amasankha kuchita kafukufuku wawo, makamaka pomwe mudzi wofuna madziwo ndi wosauka kuposa county yonse. Mukatero, funsani kaye wopereka ndalama malamulo ake, pezani mndandanda wa makomo onse, sankhani mwa maere, ndipo bwererani kangapo kwa omwe simunawapeze. Kufunsa okhawo obwera ku msonkhano sikupereka median ya dera. Kuphonya kwake mungakupeze ndi njira ya Woodruff ija, kapena ndi bootstrap ya Bradley Efron ya mu 1979: kompyuta imasankha mobwereza kuchokera pa mayankho anu omwewo maulendo 1,000 kapena kuposa, n'kupeza median ulendo uliwonse, ndipo ma median a pa 5 ndi pa 95 peresenti ndiwo malire anu.

Zimene margin siona

Margin of error imayeza chinthu chimodzi chokha, kuti tinafunsa ena osati onse. Siyeza munthu amene waiwala ndalama za ganyu, kapena wamanyazi kutchula thandizo la boma, kapena mlimi yemwe chaka chino wapindula, chatha analuza. Funso la ndalama ndi limodzi mwa omwe anthu amalumpha kawirikawiri, ndipo Census Bureau imadzaza mipatayo potengera yankho la munthu wina wofanana naye. Matebulo oyamba ndi B99 amaonetsa kuchuluka kwa mayankho odzazidwa motere. Kumidzi kulinso nyumba zambiri zopanda adiresi yofikika ndi positi, zomwe zimadalira wofunsa kufika yekha, ndipo mu 2020 mliri wa COVID-19 unasokoneza maulendo amenewa kwambiri moti zotsatira za chaka chimodzi za 2020 sizinatulutsidwe mwa nthawi zonse. Nyengo iliyonse ya zaka zisanu yokhala ndi 2020 mkati ili ndi chipsera chimenecho. Choncho malire anu atengeni ngati kuphonya kochepetsetsa komwe kungakhalepo.

Kulemba

Zunguliritsani nambala kufika pa zana lapafupi, pokhapokha fomu ikufuna nambala ndendende mmene yasindikizidwira. Ikani malire m'chiganizo chomwecho, osati m'munsi mwa tsamba momwe anthu sawerenga. Tchulani gwero, tebulo, zaka ndi chaka cha madola. Pa chitsanzo chathu chija chiganizocho chingakhale chotere: "M'zaka za 2018 mpaka 2022, khomo la pakati m'county ino linkapeza pafupifupi madola 35,500 pa chaka, m'madola a 2022; malire a 90 peresenti ndi 31,100 mpaka 39,800, malinga ndi ACS, tebulo B19013." Ngati mukujambula girafu, ikani kamzere ka malire pa kadontho kalikonse. Sungani fayilo imene munatsitsa pamodzi ndi deti lake, chifukwa zotsatira zatsopano za zaka zisanu zimatuluka chaka ndi chaka, ndipo wina akadzafunsa komwe munatenga nambala yanu, tsamba lija lidzakhala likuonetsa ina.